Kodi Inanama Ndi Nsalu Kapena Foni?

Anzanga, lero tikambirane za maso athu.

Pa mlandu, munthu akati “ndinaona ndi maso anga,” anthu onse amakhala cete. Timakhulupirira kuti khutu linganamizidwe, koma diso ayi. Ine ndemwe ndinali kuganiza comweco, mpaka pamene nsalu 18 zinatsala pang'ono kupasula kalasi lathu.

M'kalasi lathu la akulu, muno m'dera la Angónia, ambiri ndi amayi. Caka ciliconse pa 7 Epulo dziko lathu limakumbukira Tsiku la Amayi a Moçambique. Ndilo tsiku limene Josina Machel anamwalira mu 1971. Pa tsikuli amayi amakonda kubvala kapulana wofanana, kuti aoneke kuti ndi gulu limodzi. Amayi a m'kalasi lathu nawonso anafuna kutero. Anasonkha ndalama. Wina anagulitsa mbatata, wina nyemba, wina nkhuku yake imodzi yokhayo. Ndalamazo anazitumiza kwa mtsikana wina amene amakhala mu mzinda wa Tete, mwana wa mmodzi wa ophunzirawo.

Mtsikanayo analowa m'sitolo, najambula nsalu zinayi ndi foni yake, natumiza zithunzizo pa WhatsApp. Amayi anazungulira foni imodzi pansi pa mtengo, mitu itagundana. Onse anasankha nsalu yofiira ya maluwa acikasu. Pa galasi la foni inali kuyaka ngati makala a moto.

Patapita sabata mtolo unafika. Titamasula, kalasi lonse linati zii. Maluwa anali omwewo, mizere inali yomweyo, koma kufiira kwake kunali kwina. Kunali kufiira kodera, konga dothi la katondo mvula itagwa.

Agogo ena, amene ndiwo wamkulu pa onse, anaimirira nati: “Aphunzitsi, apa palibe cobisa. Mwana uja wagula nsalu yochipa, ndalama zotsala wadya.” Mayi wa mtsikanayo sanayankhe. Anatola buku lake ndi pensulo, natuluka. Masiku atatu sanabwere kudzaphunzira.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Mtsikana uja ndimamudziwa, si wakuba. Koma cithunzi ndinaciona, nsalu ndinaiona, ndipo zinali zosiyanadi. Tsono ananama ndani?

Kuti tiyankhe, tiyambe tafunsa funso looneka lacibwana. Kodi kufiira kwa nsalu kumakhala kuti? Mudzati kumakhala m'nsalumo, m'utoto umene anathira ku fakitale. Cabwino. Lowani nayo nsaluyo m'nyumba usiku, muzimitse nyali. Kufiira kuja kwapita kuti? Nsalu ili m'manja mwanu, utoto sunacoke, koma palibe cofiira. Turukani nayo pa mwezi. Ikuoneka yakuda, kapena yotuwa ngati phulusa. Alimi mumadziwa kuti dzuwa likalowa, tomato wakupsa ndiye amayamba kuda, masamba ake akadaoneka. Tomatoyo sanasinthe. Kwasintha ndi kuwala.

Kuwala kwa dzuwa timakuona ngati koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse imene timaiona pa utawaleza. Isaac Newton wa ku England anaonetsa zimenezi ca m'ma 1666. Anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, ndipo pa khoma panaoneka utawaleza. Kuwala kumeneku kukagwa pa nsalu, utoto umameza mitundu ina, nubweza ina. Umene wabwezedwawo ndiwo ulowa m'diso. Nsalu yofiira ndi nsalu imene imameza zambiri, nibweza makamaka kufiira. Nsalu ilibe kuwala kwakekwake. Imangobweza zimene yapatsidwa. Ikapatsidwa dzuwa la masana, ibweza zina. Ikapatsidwa nyali ya parafini, imene kuwala kwake n'kwacikasu, ibweza zina. Ikapatsidwa magetsi oyera mbee a m'sitolo, ibwezanso zina.

Galasi la foni silitero. Ilo ndi nyali. Silidikira dzuwa, n'cifukwa cake mungaone cithunzi pa foni pakati pa usiku, pamene nsalu yeniyeni simungaione. Tsiku lotsatira ndinaonetsa ophunzira cinthu cimene aliyense angayese kunyumba. Ndinatsegula tsamba loyera pa foni yakale, ndi kudonthezapo kadontho ka madzi. Dontho la madzi limakulitsa zinthu monga galasi la m'maso. M'kati mwa dontholo tinaona timadontho tating'onoting'ono ta mitundu itatu: tofiira, tobiriwira, ndi ta buluu, umene pa Cipwitikizi amati azul. Coyera panalibe.

Galasi lonse la foni, la kompyuta ndi la televizioni ladzaza ndi tinyali ta mitundu itatu yokhayi. Tonse titatu tikayaka mwamphamvu, diso limaona coyera. Tonse tikazima, limaona cakuda. Tofiira ndi tobiriwira tikayaka pamodzi, diso limaona cikasu. Apa ophunzira anakana. Bambo wina amene amapaka nyumba utoto anati: “Aphunzitsi, ine ndikasakaniza wofiira ndi wobiriwira m'citini, pamatuluka matope.” Ananena zoona. Mukasakaniza utoto, uliwonse umameza gawo lake la kuwala, ndipo cotsala cimanka cikuda. Mukasakaniza nyali, iliyonse imaonjezera kuwala kwake, ndipo cotuluka cimanka cikuwala. Njira ziwirizi n'zotsutsana. Maluwa acikasu amene amayi anawakonda pa foni analibe kadontho kacikasu ngakhale kamodzi.

Nanga cifukwa ciani mitundu itatu yokha ingathe kutionetsa mitundu yambirimbiri? Cinsinsi cili m'diso. Kumbuyo kwa diso la munthu kuli tizinthu tating'ono tolandira kuwala, ndipo timene timasiyanitsa mitundu tili ta magulu atatu. Ubongo umayerekeza kuti gulu lina lagwidwa motani, lina motani, ndipo pamenepo umatiuza kuti “ici n'cofiira” kapena “ici n'cacikasu.” Thomas Young anaganizira zimenezi mu 1802. Mu 1861, ku London, James Clerk Maxwell anaonetsa cithunzi ca mitundu copangidwa ndi njira imeneyi. Cinthu cimodzi anacijambulitsa katatu, kudzera m'cofiira, m'cobiriwira ndi m'cabuluu, kenaka anaunikira zithunzi zitatuzo pamalo amodzi. Ndipo mukudziwa cimene anajambulitsa? Kansalu, kamkuzi ka mizeremizere. Bvuto la amayi athu ndi lakale ndithu.

Tsono foni sinyamula nsalu. Siinyamula ngakhale kuwala kumene kunacoka pa nsalu. Kamera imayesa kuwalako, nikusandutsa manambala. Manambala ayenda pa intaneti. Foni ya uku iwerenga manambalawo, niyatsa tinyali take monga ingathere. Zili ngati munthu amene anamva nyimbo ku Tete, nailemba pa pepala, ndipo wina kuno aiimba ndi mau ake. Nyimbo ndi yomweyo, koma mau ndi ena.

Tinayesanso cina. Cithunzi comwe cija tinacitumiza pa mafoni atatu, ndi kuwaika pamodzi pa benchi. Pa foni yoyamba nsalu inali yofiira ngati moto. Pa yaciwiri inapendekera ku mtundu wa lalanje. Pa yacitatu, imene mwini wake anacepetsa kuwala kuti batire isathe msanga, inali yodera, pafupifupi ngati nsalu imene inali m'manja mwathu. Ndinafunsa agogo aja: “Agogo, pa zitatuzi, ndi iti imene mwana uja anatumiza?” Anayang'ana nthawi yaitali. Anati: “Zonse.” Sanaonjezere mau.

Palinso cinthu cina cimene ine cinandidabwitsa kopambana. Diso lathu silingolandira cabe. Ubongo umakonza zimene diso laona. Tengani tsamba la buku lino. Masana ndi loyera. Usiku pa nyali ya parafini mukuliona loyerabe, ngakhale kuwala kumene likubweza n'kwacikasu. Ubongo wadziwa kuti m'cipinda monse muli kuwala kwacikasu, ndipo wacotsako cikasuco mwakacetecete. Ncito imeneyi imatithandiza kwambiri; popanda iyo, sitikanazindikira zobvala zathu zomwe dzuwa likapendeka. Kamera nayo imayesa kucita comweco. Imalota kuti pamalopo coyera n'citi, nikonza mitundu ina yonse motsatira kulota kwakeko. Nthawi zina imalota bwino, nthawi zina imaphonya. Mafoni ambiri amaonjezeranso kuwala kwa mitundu okha, cifukwa anthu amakonda cithunzi cokongola. Ndipo ife tikayang'ana kacithunzi pa galasi, sitiona cipinda cimene anajambuliramo. Ubongo usowa poyambira kukonza.

Mu February 2015 dziko lonse linakangana cifukwa ca cithunzi ca diresi limodzi la ku Britain. Anthu ena anaona diresi loyera la mizere yonga golide. Ena anaona diresi labuluu la mizere yakuda. Mwamuna ndi mkazi wake, pa foni imodzi, nthawi imodzi, anali kuona zosiyana, aliyense nalumbira kuti mnzake akuseka. Diresi lenilenilo linali labuluu ndi lakuda. Amene anaona loyera sanali abodza. Ubongo wawo unalota kuti diresilo lili pamthunzi, ndipo unacotsa buluu. Ubongo wa enawo unalota kuti lili pa kuwala kwacikasu, ndipo unacotsa cikasu.

Ndipo maso a anthu enieniwo safanana onse. John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, analongosola mu 1794 kuti duwa lina limene anzake anali kuliona lofiirira, iye masana anali kuliona ngati mtambo, koma pa kandulo linasanduka lofiira. Mbale wake nayenso anali kuona comweco. Ndi cibadwa, cimayenda m'magazi, ndipo cimapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi. Pa Cipwitikizi amacicha daltonismo, kucokera pa dzina lake. Mwina m'mudzi mwanu muli bambo amene amathyola tomato wosapsa, anthu namuseka kuti ndi wosasamala. Mwina iye akucita zonse zimene maso ake angathe.

Munthu wina angafike apa n'kunena kuti: “Ngati zili conco, ndiye kuti mtundu weniweni kulibe. Aliyense ali ndi coona cake. Palibe wonama, palibe wonena zoona.” Ine ndikana. Ganizo limeneli limakondweretsa akuba okha.

Taganizirani za sikelo. Thumba la cimanga limalemera kwa mwana, nilipepuka kwa mnyamata wamphamvu. Kodi pamenepo tinganene kuti thumba lilibe kulemera kwake? Ayi. Anthu anapangana muyeso umodzi, kilo, kuti mkono wa wogula ndi mkono wa wogulitsa usakhale woweruza. Pa mitundu napo anthu ogwira ncito anapangana. M'mafakitale a nsalu ndi a utoto saweruza mtundu ndi cithunzi. Amaika cidutswa ca citsanzo pambali pa cinthu catsopano, pansi pa nyali yopangidwa kuti ifanane ndi kuwala kwa masana. Osindikiza mabuku ali ndi buku la tizidutswa ta mitundu, kalikonse ndi nambala yake. Lodziwika kwambiri ndi la Pantone, limene linayamba ku America mu 1963. Munthu wa ku Maputo akachula nambala, wa ku Beira atsegula buku lake, nagwira mtundu womwewo ndi dzanja. Amayi athu pa msika amacita cimodzimodzi osaphunzitsidwa. Amatuluka nayo nsalu pakhomo pa sitolo, aitambasula padzuwa, aipapasa, ena amanyowetsa kangodya ndi malobvu kuti aone ngati utoto ucoka. Imeneyi ndi sayansi ya anthu.

Makolo athu anadziwa kuwawa kwa kusowa muyeso wa onse. Kuyambira 1938 mpaka 1961 atsamunda anakakamiza alimi a m'madera ambiri a dziko lino kulima thonje. Pa msika, munthu wa kampani ndiye anali kuyang'ana thonje ndi kunena ngati ndi loyamba kapena laciwiri. Mtengo unali kutsata mau akewo. Mlimi amene anacapa manja posankha thonje loyera sanaloledwe kutsutsa. Diso linali la mmodzi, njala inali ya ambiri. Tsono tikamati maso amasiyana, sitikupereka ufulu kwa wamphamvu kuti aziona zimene zimupindulira. Tikunena kuti poweruza pafunika kuwala kumodzi, citsanzo cimodzi, ndi maso a mbali zonse ziwiri.

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Tete. Kodi ananama? Bodza ndi kufuna kuti mnzako akhulupirire cimene iwe ukudziwa kuti si coona. Iye sanafune zimenezo. Anaima m'sitolo yowala magetsi, anajambula, anatumiza. Ndalama zonse zinapita pa nsalu, ndipo risiti inali mu mtolo momwemo, koma mu mkwiyo uja palibe anaiwerenga. Ife amene tikuphunzira kuwerenga tinaiwala kuwerenga pa tsiku limene kunafunika koposa. Izi ndinazinena m'kalasi, ndipo ndinayamba kudzidzudzula ndekha, pakuti inenso sindinaifunefune.

Komabe sindinena kuti mtsikanayo analibe kanthu kophunzira. Iye yekha ndiye anaona zonse ziwiri, nsalu ndi cithunzi. Akanayang'ana kawiri, akanalemba mau ocepa: “Amayi, m'manja ndi yoderako kuposa apa.” Mau asanu ndi limodzi akanasunga mtendere. Amene ali pafupi ndi cinthu ali ndi ngongole kwa amene ali kutali.

Wina ndi wogulitsa amene amadziwa zonsezi, nazigwiritsa ncito. Alipo amene amajambula nsalu yofwifwa, nakoleza mitundu yake pa foni asanaionetse. Alipo amene amasankha dala nyali imene ibisa kuthimbirira. Wogula akadandaula, iwo amati: “Si ine, ndi foni yanu.” Cithunzi cawo ndi ca nsalu yomweyo, sanasinthanitse katundu, pakamwa pawo sipanatuluke liu labodza. Koma ine nditi ananama, cifukwa anafuna kuti muone cimene kulibe. Akulu anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Mkuyu sudziwa za nyerere zake. Wogulitsa uyu amadziwa. Cithunzi ca mtsikana uja ndi cithunzi ca wogulitsa uyu zingafanane ndendende. Simungazisiyanitse poyang'ana galasi. Mungazisiyanitse pofunsa zimene wojambulayo anadziwa, ndi zimene anabisa.

Nsalu ndi nkhani yaing'ono. Koma masiku ano timatumiza pa foni zinthu zolemera kuposa nsalu. Mlimi ajambula masamba a cimanga kuti mlangizi amuuze ngati cikasu cake n'ca njala ya feteleza kapena ca matenda. Mayi ajambula maso a mwana wake, natumiza kwa mbale amene amagwira ncito ya cipatala kutali, kufunsa ngati asanduka acikasu, kapena ngati zikhatho zayera cifukwa ca kucepa kwa magazi. Foni ndi yabwino poitana thandizo, ndipo ine sindiinyoza. Koma kamera imene inakoleza nsalu yathu ingathenso kufiiritsa cikhatho coyera ca mwana wodwala, wakutaliyo n'kunena kuti zonse zili bwino. Mwana wotere apite naye kucipatala, akamuone padzuwa ndi kumuyesa magazi. Tsamba la cimanga lithyoleni, mupite nalo m'manja.

M'kalasi tinapangana kuti caka camawa wotumidwa adzagula kacidutswa, nakapereka kwa woyendetsa chapa, kuti amayi akagwire asanatumize ndalama zonse. Pa cithunzi ciliconse adzaika pepala loyera pambali pa nsalu, ndipo adzajambulira panja, pamthunzi wa masana.

Cobvuta cinali kubweza mayi uja amene anatuluka. Kufotokoza za tinyali titatu n'kwapafupi, kupepesa n'kobvuta. Agogo anati iwo sananame, ananena zimene anaona. Ndinati: “Agogo, nsalu yodera munaionadi. Koma ndalama zodyedwa munaziona kuti?” Anakhala cete. Loweruka madzulo anthu anawaona akupita kwa mnzawoyo ndi kambale ka ufa kumutu. Zimene anakambirana kumeneko ine sindinafunse. Lolemba onse awiri anakhala pa benchi imodzi, akulimbana ndi cilembo ca “nkh.”

Pa 7 Epulo amayi 18 anabvala nsalu yawo ya katondo, nayenda pa mzere kupita ku bwalo. Mnyamata wina anawajambula ndi foni, ndipo madzulo cithunzi cinafika kwa ine. Ndinaonetsa agogo. M'cithunzimo nsalu zonse zinali kuyaka ngati makala a moto, monga pa tsiku loyamba lija. Agogo anayang'ana foni, anayang'ana nsalu ya m'ciuno mwawo, anayang'ananso foni. Kenaka anati: “Aphunzitsi, mutumize cimeneci kwa mwana uja ku Tete. Mumuuze kuti agogo ake aona.”